Palafini m'botolo la Fanta

Zikomo mayi athu a ku Ndirande chifukwa cha kalata yanu. Mwafunsa ngati mkaka umathandiza mwana akamwa palafini. Ayi mayi, suthandiza, ndipo kumusanzitsa ndiye koopsa zedi. Palafini akamabwerera kukhosi amalowerera m'mapapo, mwana n'kuyamba kutsokomola, kubanika, mpaka chibayo. Muvuleni zovala zonyowazo, mumusambitse ndi sopo, muthamangire naye kuchipatala ngakhale akusewera bwinobwino, chifukwa vutoli limatha kuonekera patapita maola angapo. Botololo mulitenge, adokotala akalione.

Koma abale, palafini m'botolo la Fanta, pansi pa bedi? Mwana wa zaka 2 akaona botolo limenelo amaona chakumwa basi. Mankhwala a makoswe ndi a m'dimba nawonso atsekereni pamwamba, kutali ndi ufa.