ULENDO WA KU MAPIRI A CHIPALE

Kutali kum'maŵa, kuseri kwa dziko la China, kuli dziko la Japan. Dzikoli ndi la zisumbu zambirimbiri, koma zazikulu ndi zinayi. Chisumbu chimene chili kumpoto kwenikweni mwa zinayizi chimatchedwa Hokkaido, ndipo mzinda wake waukulu ndi Sapporo. M'miyezi ya Disembala, Januwale ndi Febuluwale, pamene alimi kuno ku Malaŵi ali kalikiliki kupalira ndi kubandira, ku Hokkaido kumakhala chisanu choopsa. Madzi oiŵalidwa pabwalo amauma gwa ngati mwala, ndipo m'malo mwa mvula kumagwa chipale.

Chipale sichifanana ndi matalala. Matalala ndi olimba, amagwa ndi phokoso ndipo amang'amba fodya m'munda. Chipale ndi chofeŵa, choyera mbee, ndipo chimatsika mwakachetechete ngati nthenga. Ku Hokkaido chimagwa chambiri chifukwa cha mphepo yozizira yochokera ku Siberia. Mphepoyo ikamawoloka Nyanja ya Japan imatenga chinyontho, popeza madzi a m'nyanjamo amakhala ofundirako. Ikafika kumtunda imagunda mapiri nikwera m'mwamba, ndipo chinyontho chija chimasanduka chipale. M'midzi ina chimaunjikana mpaka kupitirira msinkhu wa munthu wamkulu. Chifukwa cha kuzizira kwambiri, chipale cha kumeneko chimakhala chouma ndi chopepuka ngati ufa woyera. Munthu akachifumbata kuti aumbe mpira, chimangoyoyoka m'manja.

Pa chipale chotere munthu wovala nsapato zokha amatitimira mpaka m'chiuno. Motero anthu amamangirira ku mapazi awo matabwa aŵiri aatali, opyapyala, okhota pang'ono kutsogolo. Matabwa ameneŵa amatchedwa ski, ndipo anthu amatsetsereka nawo m'mapiri. Msilikali wina wa ku Austria, dzina lake Theodor von Lerch, ndiye anaphunzitsa asilikali a ku Japan luso limeneli ku Takada mu Januwale 1911, ndipo chaka chotsatira anapita ku Hokkaido. Masiku amenewo wotsetsereka ankagwira ndodo imodzi yaitali ya nsungwi, koma lero amagwira ziŵiri zazifupi. M'chaka cha 1972 mzinda wa Sapporo unalandira maseŵera a Olimpiki a nyengo ya chisanu, ndipo kameneka kanali koyamba kuti maseŵerawo achitike ku Asia.

Alendo ambiri ochokera kunja amapita ku dera lotchedwa Niseko. Kumeneko kuli phiri la Annupuri, lotalika mamita 1,308, ndipo moyang'anana nalo kuli phiri la Yotei, lotalika mamita 1,898. Onse aŵiri ndi aafupi poyerekeza ndi Sapitwa wa ku Mulanje, amene ndi wotalika mamita 3,002. Ambiri mwa alendowo amatsetsereka m'malo okonzedwa, kumene kuli mipando yolenjekeka pa chingwe yowanyamula kupita pamwamba. Koma ena safuna malo opondedwa kale ndi anzawo. Iwo amafuna kutuluka kupita kuthengo, kunja kwa zingwe za m'malire. Ku Niseko lamulo silola munthu kukwaŵa pansi pa chingwe. Wofuna kutuluka ayenera kudzera pa zipata zoikika, ndipo zipatazo zimatsekedwa tsiku limene phiri laopsa. Lamuloli linakhazikitsidwa anthu angapo atataya miyoyo yawo m'mapirimo.

Chaka china m'mwezi wa Januwale kunafika alendo anayi ochokera ku Australia: bambo wina ndi mkazi wake, mwana wawo wamwamuna wa zaka 17, ndi mlongo wake wa bamboyo. Iwo analemba ntchito mtsogoleri woti akawaperekeze kuthengo. Mtsogoleriyo anali mayi wa m'tauni ya Kutchan, wamfupi msinkhu ndi wosakonda zolankhulalankhula.

Tsiku loyamba mayiyo sanapite nawo kuphiri konse. Anawasonkhanitsa pa bwalo la chipale, napatsa aliyense zida zitatu: fosholo yaing'ono, ndodo yaitali yolumikiza, ndi kawailesi kovala pachifuwa. Kenaka anawafotokozera za chigumula cha chipale.

Chipale sichigwa tsiku limodzi. China chimagwa lero, china mkucha, china ndi mphepo, china kuli bata, motero chimasanjikizana ngati mphasa zoyalidwa ina pamwamba pa inzake. Mphasa ina ikapanda kugwirana ndi ya pansi pake, kulemera kwa munthu mmodzi yekha kungathe kuisuntha. Pamenepo mbali yonse ya phiri imang'ambika nitsika ndi liŵiro la galimoto, kuthyola mitengo ndi kukwirira chilichonse, monga amachitira Napolo. Chipale chofeŵa chija chikaima chimalimba ngati simenti, ndipo wokwiririkayo sangathe ngakhale kugwedeza dzanja. Anzake amamfunafuna ndi kawailesi kaja, amene amalira kwambiri akamayandikira kanzake. Akafika pamalopo amazika ndodo mpaka itamkhudza, ndipo amakumba ndi fosholo. Zonsezi ziyenera kuchitika msanga, chifukwa pakapita mphindi 15 mwaŵi woti munthuyo apezeke wamoyo umachepa kwambiri.

Mayiyo anakwirira chikwama chokhala ndi kawailesi m'kati, nauza alendowo kuti achifukule. Iwo anathamanga uku ndi uku, wina kugwetsa ndodo, wina kulephera kulumikiza fosholo. Pamene anachipeza, mayiyo anayang'ana wotchi yake.

"Mwachedwa," anatero. "Chikanakhala kuti ndi munthu, bwenzi pano tikulira. Yambaninso."

Anabwereza mpaka dzuŵa litapendeka. Mnyamata uja anatopa nazo, pakuti iye anabwerera kudzatsetsereka, osati kudzakumba maenje.

M'maŵa mwake ananyamuka kukali mbandakucha. Kuthengo kulibe mipando yonyamula anthu, aliyense amakwera ndi miyendo yake. Kunsi kwa matabwa awo anamata nsalu zaubweya. Ubweya wake umagonera kumbuyo, monga wa pamsana pa mbuzi umene umasalala ukausisita choloza kumchira koma umaima ukausisita choloza kumutu. Chifukwa cha ichi thabwa limayenda popita kutsogolo, koma limaluma chipale likafuna kubwerera m'mbuyo. Anakwera mondondozana m'nkhalango ya mitengo ya makungwa oyera, mayi uja ali patsogolo kuswa njira. Munali zii. Apa ndi apo ankaona mapazi a nkhandwe, koma zimbalangondo za ku Hokkaido nyengo imeneyi zimakhala zili mtulo m'mauna awo.

Atafika pamsanja ina anapuma kuti adye. Mtsogoleri anatulutsa kamba amene anamsunga m'kati mwa jekete kuti asaume ndi chisanu. Unali mpunga woumbidwa m'manja, wa ngodya zitatu, wokutidwa ndi tsamba lakuda la ndere za m'nyanja. Chakudyachi chimatchedwa onigiri. M'kati mwa wina munali nsomba yamchere, mwa wina munali kachipatso koŵaŵasa ngati bwemba kotchedwa umeboshi. Anatsitsira ndi tiyi wobiriŵira wopanda shuga.

Tsono anamatula nsalu zija nayamba kutsika. Mayiyo analamula kuti azitsika mmodzimmodzi, enawo akuyang'ana, ndiponso kuti asayandikire tsinde la mtengo kapena khwaŵa, pakuti m'malo otere mumabisala maenje akuya. Matabwa awo ankamira osaoneka, ndipo chipale chinkauluka kufika pachifuwa, nthaŵi zina mpaka kumaso. Panalibe kugunda kapena kukhuluza, ankangokhala ngati akuyandama. Azakhali ake a mnyamata uja anagwa chadodolido nasoŵa, ndipo anatulukira ali mbuu kumutu konse, akuseka.

Usiku umenewo kunawomba mphepo yamphamvu. Mphepo imakokolola chipale kumbali ina ya phiri nikachiunjika kumbali inayo, ndipo kumeneko chimalimba pamwamba ngati nkhoko za mumphika pamene pansi pake pakali pofeŵa. Kutacha kunja kunayera bwino, ndipo alendo aja anakwera kupitirira pamene mitengo imalekeza. Patsogolo pawo panali mtsetse waukulu, wosalala, woŵala ndi dzuŵa, wopanda ndi phazi limodzi lomwe. Mnyamata uja mtima unali dyokodyoko.

Mwadzidzidzi pansi panamveka kuti "fuu!" Chipale chinatsika pang'ono pansi pa mapazi awo, ndipo mng'alu unathamanga kuchokera ku thabwa la mtsogoleri. Iye anakweza dzanja, onse naima. Anawabweza pamalo athyathyathya, nakumba dzenje pa kachitunda kakang'ono. M'khoma la dzenjelo anadula chipale ngati chipilala, naika fosholo pamwamba pake, nayamba kuigogoda ndi chikhato. Asanagogode kambiri, chibuma cha pamwamba chinaterereka chonse nichigwera pa mapazi ake.

"Lero tilekeza pano," anatero.

"Koma Mayi, taonani kukongola kwake!" anadandaula mnyamatayo. "Tachokera kutali, ndipo tatsala ndi masiku aŵiri okha."

"Ndaona, mwana wanga," anayankha mayiyo. "Phirili silidziŵa kuti mwachokera kutali."

Bambo uja, amene analipira ndalama zambiri za ulendowu, anayang'ana mtsetsewo kanthaŵi. Kenaka anatembenuza matabwa ake osanena kanthu, ndipo onse anabwerera m'nkhalango. Mtsetse uja sunagumuke tsiku limenelo. Mwina akanadutsapo bwinobwino, mwina ayi, koma mtsogoleri wodziŵa ntchito yake sayesa zotere ndi miyoyo ya anthu. Mnyamatayo anatsika akucheukacheuka, nkhope ili ndwii.

Madzulo anafika ku nyumba ya alendo. Anavula nsapato pakhomo monga mwa mwambo wa kumeneko, napita kukasamba ku kasupe wa madzi otentha. Akasupe otere, otchedwa onsen, ndi ambiri ku Japan chifukwa dzikolo ndi la mapiri ophulika moto. Munthu amayamba wasamba ndi sopo pambali, ndipo atayera ndi pamene amaloŵa m'dziŵe, amuna kwaokha, akazi kwaokha.

Pa nthaŵi ya chakudya anakhala pansi mozungulira tebulo lalifupi. Asanayambe kudya anthu a ku Japan amanena mawu akuti itadakimasu, kusonyeza kuti akulandira chakudyacho mothokoza. Aliyense anampatsa timbale tambiri ting'onoting'ono ndi timitengo tiŵiri todyera. M'kambale kena munali mpunga, mwina munali msuzi wa miso, umene amaukonza ndi soya wosasitsa, ndipo mwina munali mbatata ya kachewere, imene alimi a ku Kutchan amatchuka nayo. Pakati pa tebulo panali chiwaya chotukuka pakati ngati chipewa. Pamwamba pake ankawotchapo nyama ya nkhosa yodulidwa mopyapyala, ndipo mafuta ake ankatsikira m'mphepete mmene munali anyezi ndi ndiwo zamasamba. Chakudya chimenechi amachitcha jingisukan, kutengera dzina la Genghis Khan, mfumu yakale ya ku Mongolia.

Kenaka kunabwera sashimi, ndiyo nsomba yaiŵisi. Nsombayi imakhala yongovuulidwa kumene, yosungidwa pozizira, ndipo amene amaidula ndi munthu wophunzira ntchitoyo. Si nsomba iliyonse imene munthu angadye chotero. Pambali pake panali kanthu kobiriŵira konga peyala lofinya. Mnyamata uja, amene anali chikwiyire, anatapa kambiri naponya m'kamwa. Sanadziŵe kuti ndi wasabi, muzu wolasa m'mphuno kuposa mpiru. Misozi inangoti mbwee, iye akutsokomola ndi kupupiza dzanja kukamwa. Onse anafa nalo phwete, ndipo pomaliza iyenso anaseka.

Pofuna kumwa madzi anazika timitengo take chilili mu mpunga. Gogo wamkazi, mwini nyumbayo, anatizula mofatsa natigoneka pa kamtsamiro kake. Mtsogoleri analongosola kuti mpunga wozikamo timitengo amauikira akufa pa maliro, choncho amoyo sachita zotero pa tebulo. Mnyamatayo anaŵerama kupepesa, gogoyo naŵeramanso akumwetulira.

M'maŵa anawapatsa mpunga, nsomba yowotcha ndi natto, amene ndi soya wosasitsa wonanda ngati therere ndi wa fungo lamphamvu. Azakhali aja analaŵa kamodzi nakankhira mbale kutali, koma mnyamatayo anamaliza yake. Pakhomo mtsogoleri anaŵerenga chikalata cha tsikulo chonena za chipale, nawauza kuti kumtunda sikunakhazikikebe, motero adzatsetsereka m'nkhalango momwe muja. Monga mwa masiku onse anaima panjira kuti ayese kawailesi ka aliyense, ndipo anadutsa pamaso pake mmodzimmodzi, mnyamata uja ali patsogolo, fosholo ili m'chikwama.

Mafunso

1. Kodi chipale chimasiyana bwanji ndi matalala?
2. Fotokozani chifukwa chake ku Hokkaido kumagwa chipale chambiri.
3. Tchulani zida zitatu zimene mtsogoleri anapatsa alendo, ndi ntchito ya chida chilichonse.
4. Ndi zinthu ziti zimene mtsogoleri anamva ndi kuona asanabweze alendo ake?
5. Kodi mayiyo ankatanthauza chiyani ponena kuti, "Phirili silidziŵa kuti mwachokera kutali"?
6. Chifukwa chiyani gogo uja anazula timitengo mu mpunga?
7. Pangani ziganizo zanu ndi mawu aŵa: kalikiliki, mbandakucha, chadodolido, ndwii, kamba.