Phunziro: Wophunzira Udokotala Adziwenso Moyo wa Mayi wa Kunyanja

Amayi anzathu, ife a ku Senga Bay, Lifuwu ndi Chipoka tsiku silitha tisanaponde m'nyanja. Timachapa, kutsuka mbale ndi kusambitsa ana m'madzi momwemo. M'madzi otere mumakhala nkhono zimene zimafalitsa likodzo.

Likodzo la amayi

Ambirife timadziwa likodzo ngati nthenda ya ana okodza magazi. Koma mwa mayi, mazira a tizilombo take amakakhazikika m'njira ya abambo ndi pakhomo la chiberekero. Mayi amamva ululu pachinena, amatuluka chikazi chachilendo, amataya magazi akakhala malo amodzi ndi bambo, ndipo ena amavutika kutenga pakati. Tizilonda timeneti timapatsanso mpata kachilombo ka HIV.

Vuto limayambira m'kalasi

Zizindikirozi zimafanana ndi za matenda opatsirana pogonana. Dokotala amene sanaphunzitsidwe za likodzo la amayi amapereka mankhwala a matenda opatsiranawo. Mayi sachira, ndipo kunyumba kumabuka mlandu: bambo amayamba kumukayikira, mtsikana wosalakwa amamunena kuti ndi woyendayenda. Banja likhoza kupasuka chifukwa cha funso limodzi limene silinafunsidwe: "Kodi mumachapira kuti?"

Nthendayi si yatsopano. Ofufuza anaipeza mwa amayi pachipatala cha boma cha Mangochi m'zaka za m'ma 1990, ndipo mu 2015 bungwe la WHO linatulutsa kabuku ka zithunzi kothandiza azaumoyo kuizindikira. Madokotala ndi anamwino athu ambiri amaphunzira ku Kamuzu University of Health Sciences, imene inakhazikitsidwa mu 2021 pophatikiza College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing. Ena amaphunzira ku Malawi College of Health Sciences. Pempho lathu n'lakuti wophunzira aliyense asatuluke m'sukulu zimenezi asanadziwe zinthu zitatu: kuti nthenda imodzi imaoneka mosiyana mwa mayi ndi mwa bambo, kuti ntchito za mayi ndizo zimamuika pachiopsezo, ndiponso kuti mayi wamanyazi amamasuka akafunsidwa mwaulemu ndi poduka mphepo.

Mbali yathu

1. Pofotokoza matenda kuchipatala, tinene kuti timagwira ntchito m'nyanja, ndipo tipemphe kuti aganizirenso za likodzo.
2. Mankhwala a praziquantel akabwera kusukulu, tilole ana athu aakazi amwe. Amapha tizilombo, koma zipsera zakale sizitha msanga.
3. Tikumbukire kuti lamulo la Gender Equality Act la 2013 limapatsa aliyense ufulu wolandira chithandizo cha uchembere wabwino.

Mafunso okambirana

1. N'chiyani chimatilepheretsa kufotokoza zonse kwa dokotala wamwamuna?
2. Tingathandize bwanji banja limene lili pamkangano chifukwa cha zizindikiro zotere?
3. Ndani mwa ife angakapereke pempholi ku komiti yoyang'anira chipatala chathu?