Mwera Ukagona, Mweza Sugona

Pa 30 Julaye 1946 sitima ya Vipya inanyamuka ku Mbamba Bay kuoloka nyanja kubwera tsidya lino. Inali yanyuwani, zitsulo zake zochokera ku Scotland, ndipo uwu unali ulendo wake wachinayi chabe. Siinafike. Inagubuduzika pafupi ndi Florence Bay, komwe lero timati ku Chitimba, ndipo anthu 145 anathera m'madzi. Ilala imene ukuidziwayi inayamba kuyenda mu 1951, kutseka dzenje limene Vipya inasiya.

Taima kaye pa mwezi umenewo, mng'ono wanga. Julaye ndi mwezi wanji panyanja pathu? Ngakhale mwana wotola usipa wogwa pathandala akuuza kuti ndi mwezi wa mwera. Mphepoyi imachokera kummwera n'kutsata nyanja m'litali mwake, mtunda woposa makilomita 500, popanda phiri loitchinga. Funde limene pa Senga Bay linali kamwana, likamafika kumpoto limakhala litakula msinkhu. Tsono sitima yodula nyanja chopingasa imalandira mafunde oterowo m'nthiti, osati pamphuno. Zimasimbidwa kuti ogwira ntchito m'sitimamo, anthu okulira pamadzi pomwepa, anachenjeza kaputeni kuti nyanja yakwiya. Iye anakhulupirira chitsulo chatsopano kuposa maso awo. Cholakwa chinagona pamenepo, ulendo udakali wotheka kuusintha.

Ndikudziwa chimene ukunena mumtima: "Ine za masitima sizindikhudza, ndimangopalasa pamathiriro a mtsinje wa Bua pompa, kumtunda ndikukuona." Vipya nayo inamira kumtunda kukuoneka.

Ndipo pali china chimene mphepo imachita, chimene maso saona. Mwera ukaomba masiku angapo osapuma, umakankhira madzi ofunda apamwamba kumpoto, ngati mmene umapemerera phala m'mbale n'kumaunjikana mbali imodzi. Kummwera, cha ku Mangochi, madzi ozizira apansi amakwera kudzalowa m'malo mwake. Mphepo ija ikangoleka, madzi ounjikana aja ayenera kubwerera kwawo, ndipo amabwerera ndithu, masiku ambiri, pamwamba pali zii. Kuyenda kwa madzi kumeneku asodzi a chilimira amakutchula mweza. Wawaona akuyamba kuponya khoka asanaone kumene madzi akulowera? Amadziwa kuti akalakwitsa, khoka lipindika kapena likakodwa pachirundu, usiku wonse n'kupita pachabe.

Nyanja zikuluzikulu zamchere zimachitanso chimodzimodzi, koma mwaukulu. Mphepo imakoka madzi apamwamba, kuzungulira kwa dziko lapansi kumawakhotetsa, kuno kummwera kwa dziko amakhotera kumanzere, ndipo cha ku Greenland ndi ku Antarctica madzi ozizira, olemera ndi mchere, amamira n'kumayenda pansipansi kupita kutali. Abale athu a ku Durban amakhala m'mphepete mwa mweza wina wamphamvu kwambiri padziko, wotchedwa Agulhas, umene umatsika ndi gombe la South Africa paliwiro loposa la munthu woyenda ndawala. Mphepo ikaomba mosemphana nawo, mafunde amaima chilili ngati khoma. M'madzi amenewo, mu Julaye 1909, sitima ya Waratah inasowa ndi anthu 211 itachoka ku Durban kupita ku Cape Town, ndipo mpaka pano siinapezeke.

Madzi oyenda akagundana ndi mafunde, ndiye ngozi imeneyo. Kodi si zimene zimachitika pakhomo pako penipeni? Bua amachokera kutali, ku Mchinji, n'kudutsa m'nkhalango ya Nkhotakota momwe mpasa zimakwera kukaswana. Mu Febuluwale kapena Malichi amafika kunyanja atakhuta, wofiira ndi matope, atasenza zitsa ndi mabango. Salekera pagombe. Amalowa m'nyanja ndi mphamvu zake zonse, ndipo pomwe akumana ndi mafunde ochokera pakati, madzi amachita ngati akuwira mumphika: timafunde tatifupitifupi, tosongoka, tobwera mbali zonse. Bwato limakwera funde lalitali bwinobwino. Koma toteretu timalowa m'bwato kamodzi, kawiri, usanagwire n'chokapira chomwe. Mchenga wapamathiriro nawo sukhazikika. Pamene chaka chatha unkaima madzi akulekeza m'chiuno, lero phazi silipeza pansi. Za ng'ona sindinenanso, ukuzidziwa.

Zizindikiro zilipo, vuto ndi loti umazipenya ngati zokongoletsa nyanja. Mzere umene madzi ofiira alekanirana ndi obiriwira, pomwe thovu ndi zinyalala zandanda ngati wina wazisesera: pamenepo madzi awiri akukankhana. Chingwe cha matchera chikapendekeka pamene kulibe mphepo, chikupendeketsa n'chiyani? Ukasiya kupalasa pang'ono, n'kuona mtengo umene unauloza kumtunda wasuntha malo, wasuntha ndi mtengo kapena ndiwe? Ndipo pogwetsa ambiri ndi apa: posambira, ukaona kampata kabata pakati pa mafunde osweka, madzi ake akuda pang'ono, umati ndi pabwino. Apo ndi pamene madzi onse amene mafunde anatutira kugombe akubwererera. Akakugwira, usalimbane nawo polunjika kumtunda, mikono ithera panjira. Sambira chopingasa, motsata gombe, mpaka ukumve kuti akusiya.

Chimene chimandidetsa nkhawa masiku ano ndi injini. Mnyamata akangoika injini kumbuyo kwa boti, makutu amatsekeka. Madala akamati lero musapite, mwera wangogona dzulo, iye amaseka n'kuloza thanki yamafuta. Amadzaza anthu, matumba a chimanga, njinga pamwamba, mpaka m'mphepete mwa boti mutsala chikhatho chimodzi kuti madzi alowe. Jekete zoyandamitsa munthu mulibe, chokapira ndi chigubu chodula chimodzi. Injini ikazima pamathiriro paja, boti limatembenuka lokha n'kupereka nthiti ku mafunde, monga Vipya.

Mawa m'mamawa, usanakankhe bwato, ponya kamtengo patsogolo pa pomwe mafunde akuswekera, ndipo uwerenge mpaka makumi atatu. Ukaona kakuthamangira pakati pa nyanja masamba a mitengo ali duu, pita ukafunse madala amene akusoka khoka pansi pa mtengo kuti mweza walowera kuti lero.