Mauthenga a Ubongo ndi Kugunda kwa Mtima

M'thupi mwathu muli mitsempha ya mitundu iwiri: ina imanyamula magazi, ina imanyamula mauthenga ochokera ku ubongo. Mwa mitsempha ya mauthenga yofika ku mtima, umodzi wotchedwa vagus umauza mtima kuti ufatse. Ina imaufulumizitsa munthu akachita mantha, akakwiya, akagwira ntchito yolemetsa kapena akazizidwa. Munthu wamkulu akamapumula, mtima wake umagunda ka 60 mpaka ka 100 pa mphindi imodzi.

Ngozi imadza pamene mtsempha wodyetsa mnofu wa mtima watsekeka ndi mafuta kapena magazi oundana. Mbali imeneyo imasowa mpweya wabwino. Pomwepo ululu ndi mantha zimautsa mitsempha yofulumizitsa ija, ndipo mtima wanjalawo umakakamizidwa kuthamanga, monga ng'ombe yolefuka imene ikukwapulidwa pokwera chitunda. Mbali yodwala ndi mbali yamoyo zimaleka kugunda mogwirizana. Mtima ungayambe kunjenjemera chabe osapopa magazi. Munthu amakomoka, ndipo angathe kufa m'mphindi zochepa.

Phunziro ili likukhudza kwambiri inu a ku Bembeke ndi madera ena a mapiri ku Dedza, kumene kumazizira koopsa mu June ndi July. Kuzizira kumafinya mitsempha ya magazi, nkukweza kuthamanga kwa magazi. Kafukufuku wa Unduna wa Zaumoyo wa mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa atatu m'Malawi anali ndi vutoli. Wodwala mtima asasenze thumba la mbatata mbandakucha chisanu chili m'kati.

Mankhwala monga atenolol ndi propranolol amatchinga mauthenga ofulumizitsa aja kuti asafike mwamphamvu ku mtima. Ngati dokotala wakupatsani, musawasiye mwadzidzidzi, pakuti mtima ungathamange koposa kale.

Kumbukirani izi:

1. Kayezetseni kuthamanga kwa magazi kuchipatala, ndipo lekani fodya.
2. Wina akamva kupsinjika pachifuwa kofika kudzanja kapena kunsagwada, thukuta likutuluka, mukhazikeni pansi, mumufunditse ndi kumukhazika mtima pansi. Asayende yekha, mumunyamule msanga kupita kuchipatala.
3. Akakomoka nasiya kupuma, kankhani pakati pa chifuwa mwamphamvu ka 100 mpaka ka 120 pa mphindi, osalekeza kufikira thandizo litafika.