Chipatala cha mishoni, mjigo wa bungwe, phala la kusukulu: udindo ndi wa yani?

Kodi mabungwe omwe si aboma ndi ati kwenikweni?

Ndi mabungwe amene anthu kapena mipingo inakhazikitsa kuti athandize anthu, osati kuti eni ake apeze phindu. Ogwira ntchito amalandira malipiro ndithu, koma ndalama zikatsala sizigawidwa kwa atsogoleri. Zimabwerera ku ntchito ya bungwelo. Ena likulu lawo lili kunja, monga World Vision ndi WaterAid, pamene ena anabadwira konkuno, monga YONECO ya ku Zomba.

Popeza timakhoma msonkho, bwanji ntchito za boma zikugwiridwa ndi mabungwe?

Zina mwa ntchitozi mipingo inayamba boma lisanaziganizire n'komwe: mishoni ya Livingstonia inayamba mu 1875, ya Blantyre mu 1876, ndipo zonse zinabwera ndi sukulu ndi mankhwala. Lero vuto ndi thumba la boma, lomwe silikwanira anthu onse, makamaka akumidzi. Komabe Malamulo oyendetsera dziko a 1994 amaika zaumoyo ndi maphunziro pa mapewa a boma. Bungwe limangothandiza kusenza katunduyo, mwini katundu sasintha.

Zipatala za mishoni, kodi ndi za boma kapena za mpingo?

Ndi za mipingo, ndipo zambiri zili pansi pa bungwe la CHAM, lomwe linayamba mu 1966. Nkhoma, Ekwendeni, Embangweni, Mulanje Mission, Likuni, Mua ndi St Luke's ya ku Malosa ndi zina mwa izo. Zikaphatikizidwa, zimapereka pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chithandizo cha zaumoyo m'dziko muno. Boma ndi limene limalipira malipiro a anamwino ndi madokotala ambiri ogwira ntchito m'zipatalazi.

Nanga ngati boma likulipira anamwino, ife timalipiriranji?

Malipiro a antchito si zonse zimene chipatala chimafuna. Mankhwala, magetsi, madzi, mafuta a ambulansi ndi kukonza nyumba, zambiri mwa izi chipatala chimadzipezera chokha, ndipo ndalama imene odwala amapereka imapita kumeneko.

Ndinamva kuti amayi oyembekezera salipira ku mishoni. N'zoona?

N'zoona pa zipatala zina, osati zonse. Kumene kulibe chipatala cha boma pafupi, ofesi ya zaumoyo ya m'bomalo imatha kusainirana mgwirizano ndi chipatala cha CHAM kuti magulu ena a odwala, makamaka amayi oyembekezera ndi ana aang'ono, azithandizidwa ulere, boma n'kubweza ndalamazo pambuyo pake. Zimene mgwirizanowo ukukhudza zimasiyana chipatala ndi chipatala, choncho ndi bwino kufunsa pa tsiku loyamba la sikelo, osadikira tsiku la matenda. Boma likachedwa kubweza, zipatala zina zakhala zikuimitsa kaye mgwirizanowo, ndipo amene amavutika ndi mayi amene alibe kwina kopita.

Ndikufuna kuyambitsa bungwe. Ndiyambire pati?

Choyamba bungwe limafunika malamulo ake olembedwa ndi anthu oliyang'anira, kenako limalembetsedwa ku boma kuti lidziwike mwalamulo. Likatero limakalembetsanso ku NGORA, ofesi imene imayang'anira mabungwe omwe si aboma. Kale inkatchedwa NGO Board, dzina linasintha pamene lamulo la mabungwe linakonzedwa mu 2022. Chaka chilichonse bungwe liyenera kupereka lipoti la ntchito zake ndi la ndalama. CONGOMA ndi ina: ndi mgwirizano wa mabungwewo, kumene amakumana ndi kulankhula ndi mawu amodzi.

Gulu lathu la m'mudzi losamalira ana amasiye liyeneranso kuyenda njira yonseyi?

Ayi. Magulu aang'ono ogwira ntchito m'dera limodzi amalembetsa ku khonsolo ya boma lawo, kudzera ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu, mafumu a m'deralo atadziwa.

Kodi bungwe lingangofika m'mudzi mwathu n'kuyamba ntchito?

Siliyenera kutero. Kuyambira 1998, pamene dziko linakhazikitsa ndondomeko ya mphamvu ku anthu, ntchito za chitukuko zimadutsa ku khonsolo: bungwe limafotokoza ntchito yake ku komiti ya akuluakulu a nthambi za boma ya kwa bwanamkubwa (DC), kenako ku ADC, komiti ya chitukuko ya dera la mfumu yaikulu, mpaka ku VDC, ya dera la gulupu. Njira yomweyi ndi imene zofuna za anthu zimayenera kukwerera kuchokera kumudzi. Ikalumphidwa, mudzi wina umapezeka ndi mijigo iwiri yoyandikana pamene mudzi wa tsidya ukumwa madzi a m'dambo.

Ine munthu wamba, wopanda ndalama, mbali yanga ndi iti?

Ndi yaikulu kuposa mmene ambiri amaganizira. Makomiti a sukulu, a makolo ndi aphunzitsi, a pachipatala, a pamjigo ndi VDC amasankhidwa kuchokera kwa anthu a m'deralo, ndipo sipafunika digiri. Phala la Mary's Meals, bungwe limene linayamba kudyetsa ana m'Malawi mu 2002, limaphikidwa ndi makolo odzipereka amene amalawirira kusukulu kusanache. Sukulu za mmera mpoyamba zambiri za kumidzi zikuyendanso chifukwa cha alezi ongodzipereka.

Mjigo umene bungwe linatikumbira wawonongeka. Akonze ndani?

Ukangoperekedwa kwa anthu, mjigo umakhala m'manja mwa komiti ya pamjigo, ndipo ndi chifukwa chake mabanja amasonkha kangachepe mwezi ndi mwezi. Zing'onozing'ono monga kusintha malabala komiti imachita yokha. Zikakula imaitana makaniki wa m'dera n'kumulipira kuchokera m'thumba lomwelo. Vuto loposa pamenepo, monga kuuma kwa chitsime, limapita ku ofesi ya zamadzi ya kukhonsolo. Mijigo yambiri imene yaima inayamba ndi kavuto kakang'ono pa nthawi imene m'thumba munalibe kanthu.

Amatiuza kuti titute mchenga ndi miyala osatilipira. Si thangata ameneyu?

Funsoli ndi loyenera, chifukwa makolo athu anagwiradi ntchito yokakamizidwa m'minda ya atsamunda. Kusiyana kwake n'kwakuti thangata ankapindulira mwini munda, pamene kalasi imene mwatutira mchenga muphunzira ana anu, monga zinkakhalira pa ntchito za chitukuko za MASAF. Koma kudzipereka kuli ndi malire. Ngati pa pulani panalembedwa ndalama ya mchenga ndipo kontilakita wailandira, anthu sayenera kututanso ulere.

Bungwe likatseka ntchito yake, chimachitika n'chiyani?

Ntchito zambiri za mabungwe zimakhala za zaka zowerengeka, ndipo zimadalira opereka thandizo akunja. Mu 2025, boma la America litaimitsa thandizo lake lambiri, ntchito zina za zaumoyo kuno zinasokonekera ndipo antchito ena anachotsedwa. N'chifukwa chake pa msonkhano woyamba anthu ayenera kufunsa kuti ntchitoyo itha liti ndipo adzaipitirize ndani. Ntchito imene ilibe yankho pa funso limeneli imatha tsiku limene galimoto ya bungwe yachoka.

Kodi tili ndi ufulu wofunsa za ndalama za ntchitoyo? Ndipo tikaona zolakwika tikanene kuti?

Ufuluwo ulipo: lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza uthenga linayamba kugwira ntchito mu 2020, ndipo munthu angathe kulembera khonsolo kufunsa ndalama zimene zinaikidwa pa ntchito ya m'dera lake. Dandaulo liyambire ku VDC kapena ADC, kwa khansala, kenako kwa DC. Lokhudza kayendetsedwe ka bungwe lipite ku NGORA, la nkhanza kapena kusalabadira kwa ofesi ya boma lipite kwa Ombudsman, la ziphuphu ku ACB. Lembani tsiku, malo ndi zimene munaona, ndipo musunge kope la kalata yanu.