MUTU 18: KUTETEZA NYANJA MOTHANDIZANA

Mukaima pa chitunda cha ku Mua ndi kuyang'ana kum'maŵa, mudzaona chigwa cha Mtakataka, ndipo kutsogolo kwake kuli Nyanja ya Malaŵi. Nyanjayi ndi yaikulu kwambiri. Magombe ake ali m'maiko atatu: Malaŵi, Mozambique ndi Tanzania.

Nyanja imatipatsa chambo ndi usipa, koma ili ndi zoopsa zake. M'nyengo yachisanu mphepo ya mwera imautsa mafunde aakulu. M'chaka cha 1946 sitima yotchedwa Vipya inamira, ndipo anthu 145 anafa. Nchifukwa chake pamafunika alonda a pamadzi. Asilikali athu apamadzi amakhala ku Monkey Bay, kumene msewu wochokera ku Golomoti umaloŵera. A ku Mozambique ali ndi malo awo ku Metangula, kutsidya kwa nyanja. Msodzi akakokedwa ndi mphepo mpaka kutsidyako, amene angamupulumutse msanga ndi anansi athuwo.

Palinso nyanja ina imene sitiiona, koma imatithandiza. Njanji yodutsa pa Mtakataka imakumana ndi njanji ya ku Nacala pa Nkaya. Nacala ndi doko la pa nyanja yamchere ya Indian Ocean. Katundu wambiri wa dziko lathu, monga feteleza ndi mafuta a galimoto, amadzera pa madoko a Nacala, Beira ndi Dar es Salaam. Sitima zikalephera kufika pa madokowo, mlimi wa ku Mtakataka angasoŵe feteleza wa m'munda mwake.

M'chaka cha 2010 achifwamba ochokera ku Somalia analanda sitima ya asodzi yotchedwa Vega 5 pafupi ndi gombe la Mozambique. Chaka chotsatira dziko la South Africa linatumiza sitima yankhondo kukalondera madziwo. Mu 2012 maiko a South Africa, Mozambique ndi Tanzania anapangana zolondera nyanjayo pamodzi.

Koma asilikali a maiko osiyana sangagwire ntchito pamodzi asanazoloŵerane. Ena amalankhula Chipwitikizi, ena Chiswahili, ena Chingerezi. Choncho amakumana nthaŵi ndi nthaŵi kuti ayeserere ntchito yawo. Amaphunzira kutumizirana mauthenga pa wailesi, kukwera sitima yokayikitsa ndi kuifufuza, ndiponso kuvuula munthu amene akumira. Tsiku la ngozi likafika, aliyense amadziŵa kale chochita.

Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga. Nyanja nayo silonderedwa ndi dziko limodzi lokha.

MAFUNSO

1. Tchulani maiko atatu amene ali m'mphepete mwa Nyanja ya Malaŵi.
2. Kodi asilikali athu apamadzi amakhala kuti?
3. Nanga mlimi wa ku Mtakataka amathandizidwa bwanji ndi doko la Nacala?
4. Nchifukwa chiyani asilikali a maiko osiyana amayeserera ntchito pamodzi?
5. Pangani ziganizo ndi mawu aŵa: gombe, doko, kuvuula.