Phunziro la Mwezi Uno: Za Mpikisano wa Makina wa Ana a Sukulu

Owerenga athu, makamaka inu aphunzitsi, mwezi uno tiphunzire za mpikisano wina umene unayamba ku dziko la America. Suli wa liwiro kapena wa mpira ai, koma wa kupanga makina. Dzina lace ndilo FIRST Robotics Competition, ndipo olowamo ndiwo anyamata ndi atsikana a sukulu za sekondale, a zaka 14 kufikira 18. Cimene amapanga amati loboti, ndiko kunena makina a magudumu ndi manja acitsulo, oyenda ndi mphamvu ya batire, omvera malamulo amene munthu walemba m'kompyuta yace.

Woyambitsa ndiye Dean Kamen, mmisiri amene anapanga kale kacipangizo kopopera mankhwala m'thupi la odwala nthenda ya shuga. Iyeyu anaona kuti ana a kwao adziwa maina a akatswiri a mpira ndi a nyimbo, koma amisiri sawadziwa konse; nafuna kuti umisiri nawonso ukhale ndi bwalo lace ndi ocemerera ace. Anakhazikitsa bungwe la FIRST m'caka ca 1989, ndipo mpikisano woyamba unacitika mu 1992 m'nyumba ya masewera ya sukulu ina mumzinda wa Manchester, New Hampshire. Analipo magulu 28. Cimene cidzakusekeretsani ndi ici: pabwalo ponse anathirapo cimanga cotong'ola, ndipo maloboti anayenera kutola mipira ya tenisi akuyenda pa cimangaco. Ali yense amene anapondapo cimanga coyanika pamkeka adziwa kuterera kwace. Womthangata Kamen anali Woodie Flowers, mphunzitsi wa sukulu yaikuru ya umisiri ya MIT, amene anazolowera kupatsa ophunzira ace bokosi la zipangizo zofanana, kuti cosiyanitsa cikhale nzeru ya mwini yokha.

Dongosolo lace liri lotere. M'mwezi wa January amalengeza masewera a caka cimeneco, ndipo caka ndi caka masewerawo ali atsopano: pena kuponya mipira m'cibowo capamwamba, pena kusanja mabokosi, pena loboti idzikweze pamtanda wacitsulo. Cotero makina a caka catha sathandiza kanthu, ndipo ana ayenera kuyambanso kuganiza. Kufikira 2019 anapatsidwa masabata asanu ndi limodzi okha, natsekera loboti m'thumba losindikiza tsiku lotsiriza. Lamulo la thumbalo analicotsa kuyambira 2020, pakuti magulu olemera anali kupanga loboti yaciwiri yoyeserera, ndipo lamulo linangomanga osauka okha. Palinso malire a kulemera, amene pa zaka zambiri anali mapaundi 120. Malire amenewa ali mphunzitsi wabwino. Mwana wofuna kuonjezera dzanja lina ayenera kuyamba wafunsa kuti acotsa ciani, natsutsana ndi anzace, nayesa pasikelo. Pabwalo, limene liri ngati mapazi 54 m'litali ndi 27 m'lifupi, masewera amatenga mphindi ziwiri ndi theka kapena kupitirira pang'ono. Ndipo masekondi oyamba loboti imayenda yokha, wopanda munthu woikhudza, monga mwa malamulo amene ana analemba.

Tsono mtima wa phunziro lathu uli apa. Pa zaka zoyamba gulu liri lonse linadzimenyera lokha. Mu 1999 anasintha, nayamba kuphatikiza magulu. Ndipo kuyambira 2005 magulu atatu amaima mbali yofiira ndi atatu ena mbali ya buluu. Pa masewera oyambirira palibe gulu lodzisankhira mnzace, kompyuta ndiyo imagawa. Potero amene mulimbana naye m'mawa, masana angakhale wa mbali yanu. Taganizani bwino cimene lamulo ili licita mumtima mwa mwana. Akaona loboti ya gulu lina yatyoka gudumu, sangathe kukondwera kwambiri, cifukwa kapena mawa adzaidalira yomweyo. Ncifukwa cace m'malo okonzeramo makina mumamveka wolengeza akufunsa ngati alipo wokhala ndi citsulo cakuti, ndipo anthu a magulu ena amabwera naco, ena nagwada pansi kukonza makina a opikisana nao.

Sitinena kuti ana amenewa anabadwa ndi mitima yoyera koposa ana ena. Tinena kuti okonza mpikisano anaika phindu m'kuthandizana, ndipo ife tiyesa kuti nzeru imeneyi iposa kungowauza ana ndi pakamwa kuti akondane. Flowers, amene anamwalira mu 2019, anaphunzitsa kuti munthu alimbike ndi mphamvu yace yonse kuti apambane, koma amcitire ulemu wopikisana naye ndi kumthangata. Mau otere akanakhala pakhoma pokha, akanaiwalika msanga.

Pali cinanso. Masewera oyambirira atatha, magulu asanu ndi atatu a pamwamba amasankha anzao olowa nao masewera otsiriza. Sasankha mwa cibale ai. Amakhala atatuma ana ao ena kukhala m'mipando ndi kulemba macitidwe a loboti iri yonse. Kawiri kawiri gulu laling'ono, limene loboti yace idziwa nchito imodzi yokha koma siiphonya, limasankhidwa, ndi kusiya makina okongola oyesa zonse nalephera theka. Ndipo mphotho yoposa zonse, imene kale inali Chairman's Award ndipo tsopano ili FIRST Impact Award, sipita kwa loboti yamphamvu, koma kwa gulu limene lafalitsa umisiri pakati pa anthu a kwao.

Koma tisabise zobvuta zace. Mpikisano uwu udya ndalama. Kulembetsa kokha kumapitirira madola 5,000 a ku America, osawerengera zitsulo ndi ulendo. Ndipo sukulu yopanda kampani yoithangata ibvutika kulowa. Cobvuta cina ndi ca akuru. Malamulo alola amisiri kugwira nchito pamodzi ndi ana, ndipo ici ncabwino pamene mwana ali kuona ndi kugwira naye. Koma wamkuru wokonda kupambana acedwa kutula sipanala, ndipo loboti ingapambane ana osadziwa m'mene iyendera. Inu aphunzitsi mudziwa kuti nthenda imeneyi siili ya maloboti okha.

Pa za ndalama, Kamen anayambitsanso mpikisano wa maiko, wa FIRST Global, m'mene gulu liri lonse limalandira bokosi lofanana. Woyamba unacitikira ku Washington m'mwezi wa July 1917 ai, koma 2017, ndipo maiko oposa 150 anatumiza ana ao. Masewera anali a madzi: loboti isiyanitse mipira ya buluu, yoimira madzi abwino, ndi ya mtundu wa lalanje, yoimira zonyansa. Atsikana asanu ndi mmodzi a ku Herat, m'dziko la Afghanistan, anakanizidwa kawiri cilolezo colowera m'America. Analoledwa masiku owerengeka mpikisano usanayambe, nabwerera kwao ndi mendulo ya siliva ya kulimba mtima.